LUSO NDI NCHITO: Kukoceza Bwato la Injini Padooko

Mzinda wa Lusaka ulibe nyanja, ndiponso ulibe mtsinje waukulu woyendamo mabwato. Kamtsinje ka Chunga, kamene kamadutsa kumpoto ca kumadzulo kwa mzindawu, ndi kakang'ono kotero kuti sikangayandamitse ngakhale bwato losema. Madzi ake amakathira mu Mwembeshi, ndipo Mwembeshi amakathira mu Kafue. Anyamata ena a ku Chunga, Matero ndi makomboni ena oyandikana nawo amatsata njira yomweyo ya madzi pamene nchito yasowa m'tauni. Ena amapita ku Kafue, pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 45 kumwera kwa Lusaka, ndi ku dooko la asodzi la Chanyanya. Ena amapita ku Itezhi-Tezhi, ena ku Siavonga kukagwira nchito ya kapenta, ndipo ena ku boma la Luangwa, limene kale linali kudziwika ndi dzina la Feira. Ambiri a iwo sanagwirepo nkhafi cibadwire.

Mnyamata wotere akapatsidwa bwato la injini amaphunzira msanga kuliza injini ndi kuthamanga pakati pa madzi, cifukwa kumeneko kulibe cogunda. Nchito imene imaonetsa ngati iye ali woyendetsa weni-weni ndiyo kukoceza, ndiko kuti kufikitsa bwato padooko kapena pagombe ndi kuliimika bwino popanda kuswa kanthu kapena kubvulaza munthu. Padooko ndi pamene pamasonkhana amai ocapa ndi ogula nsomba, ana osamba, mabwato osema a asodzi ndi katundu wa anthu. Kulakwa kwa kamphindi pamenepo kungathe kung'amba bwato, kuthyola injini imene banja linagula ndi ndalama za zokolola za zaka zingapo, kapena kuphwanya mwendo wa munthu. Cifukwa cace makolo amene ana ao ali pa nchito imeneyi ayenera kudziwa cimene anawo ayenera kuphunzira.

BWATO LILIBE MABULEKI

Munthu wokulira m'tauni amaganiza za bwato monga ngati galimoto, ndipo apa ndi pamene mabvuto ace amayambira. Galimoto ili ndi mabuleki ndi matayala ogwira pansi. Bwato lilibe zonsezi. Woyendetsa akacepetsa moto, bwato limapitirirabe kutsetsereka pamadzi, ndipo likakhala lolemera limatsetsereka mtunda wautali. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani imodzi yathunthu, ndipo bwato losenza katundu wotere silingaime pamalo pamene limaima likakhala lopanda kanthu. Cinthu cokha comaliimitsa ndi giya yobwerera m'mbuyo, koma giyayo imathandiza pokha-pokha ngati bwato lili kuyenda kale pang'ono-pang'ono.

Kusiyana kwaciwiri kuli pa kukhota. Galimoto imakhota ndi matayala a kutsogolo, koma bwato limakhota ndi kumbuyo, cifukwa injini ndi pulopela yace zili kumbuyo. Woyendetsa akakankhira cigwiriro ca injini kumanzere, mutu wa bwato umapita kumanja, ndipo kumbuyo kwa bwato kumatayikira kumanzere. Ophunzira ambiri amayang'ana mutu wokha, naiwala kuti kumbuyo kuli kusesa malo aakulu, ndipo amadzidzimuka pakumva injini yagunda bwato la mnansi.

Kusiyana kwacitatu ndi kwakuti injini yotere ndiyo tsigiro lomwe. Bwato limamvera cigwiriro pamene pulopela ili kukankha madzi. Giya ikakhala pakati, pamene injini ilira koma pulopela siizungulira, bwato limamvera pang'ono cabe. Motero munthu amene azima injini akali kutali, nayembekeza kuwongolera bwato ndi cigwiriro, wataya kale ulamuliro wace, ndipo mphepo ndi madzi ndizo zidzasankha pamene bwato lidzagunda.

KUWERENGA MPHEPO NDI MADZI

Woyendetsa wanzeru sayamba walunjika padooko. Akafika pa mtunda wokwana utali wa mabwato khumi kapena kuposapo, amacepetsa moto, naika giya pakati, nayang'ana kumene bwato lili kutengedwa. Zizindikiro zilipo zambiri. Utsi wa anthu owamba nsomba umaonetsa kumene mphepo ipita. Bango ndi udzu wa m'mphepete zimawerama motsata madzi. Mabwato omangidwa ndi cingwe cimodzi kumutu amaloza mitu yao kumene mphepo kapena madzi zicokera. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa kanthawi kotereku kumapulumutsa bwato.

Lamulo lalikulu ndi ili: bwato likoceze mutu utaloza kumene mphamvu icokera. Pa mtsinje, mutu uloze kumtunda kwa madzi. Pa nyanja, mutu uloze kumene mphepo icokera. Pamene mphepo ndi madzi zitsutsana, woyendetsa atsate camphamvu pa ziwirizo. Cifukwa cace n'codziwikiratu. Madzi obwera kutsogolo amagwira nchito ya mabuleki, ndipo amalola pulopela kuzungulirabe pamene bwato lili pafupi kuima, kotero kuti cigwiriro cimamvekabe. Munthu wobwera motsata madzi amakankhidwa kumbuyo, ndipo amafika padooko ndi liwiro limene sanafune.

Pa boma la Luangwa, pamene mtsinje wa Luangwa uthira mu Zambezi, mabwato amaoloka kupita ku Zumbo m'dziko la Mozambique ndi ku Kanyemba m'dziko la Zimbabwe. Madzi a pamenepo ndi amphamvu, makamaka m'nyengo ya dzinja. Woyendetsa wocokera kumtunda ayenera kupitirira dooko pang'ono, ndi kutembenuka kumunsi kwace, ndi kubwerera molimbana ndi madzi. Wosadziwa amaona ngati kutero ndi kutaya mafuta, koma mafuta a mphindi imodzi ndi ocepa poyerekeza ndi mtengo wokonzetsa bwato long'ambika.

Pa nyanja ya Kariba cobvuta cacikulu ndi mphepo ndi mafunde. Mabwato aatali a fayiba, amene anthu amawachula kuti banana, ndi opepuka, ndipo mutu wao umakhala m'mwamba pamene woyendetsa akhala yekha kumbuyo. Mphepo imagwira mutuwo ndi kuutembenuza msanga. Kuika katundu wina pakati kapena kukhazika mnzace kutsogolo kumathandiza kuti mutu ukhazikike pamadzi.

KUKONZEKA BWATO LISANAFIKE

Zonse zofunika padooko zikonzedwe bwato likali kutali. Zingwe zikhale ziwiri, cina comangidwa kumutu ndi cina kumbuyo, zokulungidwa bwino kuti zisakole mapazi, ndiponso zosalendewera m'madzi pamene pulopela ingazikole. Matayala akale a galimoto, amene amateteza nthiti za bwato, apacikidwe ku mbali imene idzakhudza dooko. Nkhafi ndi mtengo wokankhira zikhale pamwamba pa katundu, pamalo pofikira dzanja. Munthu mmodzi yekha asankhidwe kugwira cingwe ca kumutu, ndipo auzidwe poyera cimene adzacita. Okwera onse auzidwe kukhala pansi, manja ali m'kati mwa bwato.

Injini nayo iyesedwe. Injini zazing'ono za Yamaha ndi zina zotere, za mphamvu ya mahachi 15, 25 kapena 40, zimayenda bwino pa liwiro, koma imene ili ndi pulagi yakuda kapena mafuta osakaniza molakwika imazima pamene moto wacepetsedwa, ndipo imeneyo ndiyo nthawi imene ifunika koposa. Injini zambiri zosakaniza petulo ndi oilo zimafuna muyeso wa 50 kwa 1, ndiko kuti mamililita 400 a oilo m'malita 20 a petulo, koma mwini atsate cimene buku la injini yace linena. Bwato likali kutali, woyendetsa alowetse giya yobwerera m'mbuyo kamodzi kuti aone ngati igwira. Aonenso kuti kacitsulo kokhoma injini kali m'malo mwace, cifukwa injini yosakhomedwa imadumphira m'mwamba pobwerera m'mbuyo, ndipo pulopela imapalasa mphepo m'malo mwa madzi. Kacingwe kozimitsa injini kakhale komangidwa padzanja kapena pamwendo pa woyendetsa, kuti iye akagwera m'madzi injini izime nthawi yomweyo.

KUYANDIKIRA DOOKO LOMANGIDWA

Liwiro loyenera pofika padooko la matabwa kapena la simenti ndi locepa kuposa kuyenda kwa munthu wa pansi. Oyendetsa odziwa amayesa motere: ngati injini itazima pomwepo, bwato likhudze dooko popanda kusweka kanthu. Popeza injini zina zimathamangitsa bwato lopepuka ngakhale moto uli wocepetsetsa, woyendetsa alowetse giya kwa kamphindi, naibweza pakati, nailowetsanso pamene afuna kuwongola. Cigwiriro citembenuzidwe poyamba, ndipo giya ilowe pambuyo pace, kuti mphamvu yonse ipite ku kukhota m'malo mwa kuonjezera liwiro.

Bwato lisafike molunjika ngati mubvi, ndiponso lisafike mogona kweni-kweni. Lifike mopendeka, pa ngodya ya madigiri 30 kapena pafupi pamenepo, mutu utaloza pamalo pamene pakati pa bwato padzaima. Mutu ukatsala pang'ono kukhudza, ngati theka la utali wa bwato, woyendetsa akankhire cigwiriro ku mbali ya dooko ndi kulowetsa giya kamphindi. Mutu udzapatuka, ndipo kumbuyo kudzayandikira. Atatero abweze giya pakati, akankhire cigwiriro ku mbali ya kumadzi, nalowetse giya yobwerera m'mbuyo ndi moto wocepa. Pulopela idzaimitsa bwato ndi kukokera kumbuyo kwace kudooko. Posintha kucoka ku giya ya kutsogolo kupita ku ya m'mbuyo, aime pakati kufikira injini itatsika mau, cifukwa kusintha mwankhanza kumadya mano a giya.

Mphepo ikakhala yokankhira bwato kudooko, woyendetsa aimike bwato mogona pa mtunda wa mita imodzi kapena awiri, nalole mphepo kulifikitsa yokha pa matayala. Ikakhala yocotsa bwato kudooko, afike mopendeka kwambiri, pa madigiri 45, amangitse mutu msanga, ndipo kumbuyo kukokedwe ndi cingwe kapena ndi giya yobwerera m'mbuyo.

Pali nzeru ina imene ophunzira amaikana cifukwa ca manyazi. Woyendetsa akaona kuti wabwera molakwika, kapena kuti liwiro lacuruka, abwerere m'mbuyo, azungulire, nayambenso. Anthu a padooko angaseke, koma kuseka kwao kumatha tsiku lomwelo, pamene bwato long'ambika limakhala pamtunda masabata ambiri, mwini wace osapeza ndalama. Amene aopa kusekedwa amaonjezera moto kuti akonze kulakwa kwace, ndipo ngozi zambiri za padooko zimabadwa pa mphindi yomweyo. Kuthamanga sikufika.

ZINGWE NDI MANJA

Cingwe coyamba kumangidwa ndi ca ku mbali imene madzi kapena mphepo zicokera, ndipo kawiri-kawiri cimeneci ndi ca kumutu. Wogwira cingwe atsike poponda bwino pamene bwato laima. Asalumphe likali kuyenda, cifukwa matabwa a padooko amaterera ndi ndere ndi mamba a nsomba, ndipo munthu wogwera pakati pa bwato ndi dooko amapanidwa. Munthu ali yense asaike dzanja kapena phazi pakati pa bwato ndi dooko pofuna kuletsa kugunda. Tayala likaphwanyika ligulidwa lina, koma zala sizimeranso. Cingwe cisakulungidwe padzanja. Cikulungidwe kawiri pa mtengo kapena pa citsulo ca padooko, ndipo pamenepo ngakhale munthu wocepa mphamvu angathe kugwira bwato lolemera. Pambuyo pace amange mfundo ziwiri pa cingwe comweco, mfundo zoti zigwire zolimba koma zimasuke msanga pa nthawi ya ngozi.

Injini isazimidwe kufikira cingwe coyamba citagwira. Zingwe zisakokedwe kolimba kopambana, cifukwa madzi amakwera ndi kutsika. Pa Kafue, kuyambira pamene damu la Itezhi-Tezhi linamangidwa mu 1977, msinkhu wa madzi umatsata mvula ndiponso kutsegula kwa zitseko za damulo. Bwato lomangidwa kolimba pamene madzi ali okwera lingapezeke litapendeka kapena kulendewera madzi atatsika.

Pocoka padooko lamulo la kumbuyo likumbukikenso. Woyendetsa amene akhota msanga kulunjika kumadzi amagunditsa kumbuyo ndi injini pa dooko. Njira yabwino ndiyo kukankha bwato lonse ndi mtengo kufikira patakhala danga, kapena kutuluka cobwerera m'mbuyo, atayang'ana kuti kumbuyoko kulibe mwana wosamba kapena ukonde.

GOMBE LOPANDA DOOKO

Madooko ambiri a m'midzi ndi gombe cabe la mcenga kapena matope. Apa mdani wamkulu ndi pansi pa madzi. Pulopela yogunda mwala imapindika kapena kuthyoka. Injini yopalasa mcenga imameza mcengawo pamodzi ndi madzi oiziziritsa, ndipo kampira kopopa madzi kamatha. Cizindikiro cace ndi kuleka kwa kamadzi kamene kamatuluka kumbuyo kwa injini, ndipo kamadzi kameneka kakaleka injini izimidwe msanga isanapse. Motero woyendetsa afike molunjika gombe pang'ono-pang'ono, mnzace wa kumutu ali kuyesa kuya kwa madzi ndi mtengo. Madzi akafika m'ciuno azime injini, aikwezere m'mwamba, ndipo mtunda wotsalawo autsirize ndi nkhafi kapena mtengo. Khalidwe lokwera gombe ndi liwiro kuti bwato lidzikhazike lokha pamcenga limadya pansi pa bwato ndipo limagwetsa okwera cafufumimba.

Pa Kariba pali cobvuta cina. Khoma la damu litatha mu 1959, madzi anamiza nkhalango za m'cigwa ca Gwembe, ndipo mitengo yambiri ikali ciimire m'madzi kufikira lero. M'zaka za cilala, monga 2019 ndi 2024, nyanja inatsika kwambiri, ndipo zitsa ndi miyala zimene zinali pansi zinafika pafupi ndi pamwamba. Njira imene inali yabwino caka catha ingakhale ndi citsa caka cino. Mlendo afunse asodzi a pamalopo asanalowe, pakuti safunsa anadya phula. Pa Kafue udzu woyandama, umene ku Malawi amauchula namasupuni, umakola pulopela ndi kutseka polowera madzi. Woucotsa ayambe wazima injini.

Gombe likakhala ndi mafunde, bwato lisaloledwe kugona copingasa, cifukwa funde limodzi lingathe kulidzaza kapena kuligubuduza. Kumbuyo kwa bwato ndi kofupika, ndipo funde limalowera pamenepo mosabvuta. Njira yodalirika ndiyo kuponya nangula kucokera kumutu bwato likali kunja kwa mafunde osweka, kukweza injini, ndi kumasula cingwe pang'ono-pang'ono kuti bwato lifike kugombe cobwerera, mutu utaloza mafunde. Pa nyanja ya Malawi, pamene mphepo ya mwera imaomba m'miyezi yozizira, sitima ya Ilala, imene inayamba nchito mu 1951, kwa zaka zambiri inali kuima ndi nangula kutali ndi gombe pa Likoma ndi Nkhotakota, ndipo anthu ndi katundu anali kutsitsidwa ndi mabwato ace aang'ono. Moyo wa okwera onsewo unali kudalira luso lofikitsa bwato laling'ono pagombe la mafunde.

Pamalo pamene anthu amatumbula nsomba pamabwera ng'ona, ndipo m'matamanda a pafupi ndi bango mumakhala mvuu. Munthu asatsikire m'madzi akuya kukakoka bwato m'mamawa kapena madzulo kuli cisisira. Ndiponso woyendetsa acepetse moto akali kutali ndi gombe, cifukwa funde la bwato lace lingathe kumiza bwato losema la msodzi amene wangofika ndi nsomba zace.

UDINDO WA OKWERA

Awerengi ambiri sadzagwira cigwiriro ca injini, koma adzakwera bwato popita ku cipatala, ku maliro kapena kukagula nsomba. Nawonso ali ndi mbali yao. Pamene bwato liyandikira gombe anthu amakonda kuimirira onse pamodzi ndi kuthamangira kumutu kapena ku mbali imodzi, ali yense atanyamula mtolo wace. Bwato lopapatiza limapendeka ndi kumwa madzi pa mtunda wa mamita owerengeka kucoka kumtunda, ndipo pa mtsinje madzi a m'mphepete angakhale akuya kuposa msinkhu wa munthu. Okwera akhale pansi kufikira woyendetsa atanena. Atsike mmodzi-mmodzi, ana ndi okalamba athandizidwe, ndipo katundu atsike pambuyo.

Dziko lino lalirapo maliro aakulu a pamadzi. Pa 24 Okutobala 2014, tsiku limene Zambia inakwanitsa zaka 50 za ufulu, anthu oposa 20, ambiri a iwo ana a sukulu, anamira pa Kariba m'boma la Gwembe bwato lao litagubuduzika. M'mwezi wa Malici 2023 anthu 14 a mpingo wa Seventh-day Adventist anamira pa nyanja ya Bangweulu. Ngozi zimenezi zinacitika bwato lili paulendo, koma zinthu zimene zimapulumutsa anthu paulendo zimakonzedwa padooko: kuwerenga okwera, kuyesa katundu, kubvala majekete oyandamitsa, ndi kuyang'ana kumwamba bwato lisanamasulidwe. Woyendetsa amene akana munthu woonjezera sali wouma mtima, ndipo wokwera amene aona bwato ladzala ali ndi ufulu wotsika ndi kudikira lina.

KUPHUNZIRA KWACE

Luso limeneli silibwera ndi kumva cabe. Wophunzira apite ndi munthu wodziwa pa madzi odekha m'mamawa, mphepo isanauke, bwato lili lopanda okwera. Atenge cigubu ca pulasitiki copanda kanthu, acimange ku mwala ndi cingwe, naciponye pamalo opanda mabwato. Cigubuco cikhale dooko lace. Acifikire kucokera kumunsi kwa madzi, naimike bwato pambali pace osacigunda. Acite cimodzi-modzi kucokera ku mbali zina, kuti amve m'dzanja mwace kusiyana kwa kulimbana ndi madzi ndi kutengedwa nao. Ayese kuona utali umene bwato litsetsereka giya ikabwezedwa pakati, poyamba lili lopepuka, kenaka litasenza matumba a mcenga. Aphunzirenso kuyenda cobwerera m'mbuyo ndi kupalasa ndi nkhafi, pakuti tsiku lina injini idzazima. Akatha kuimika bwato pa cigubu kakhumi motsatizana, apite padooko leni-leni pa nthawi imene palibe anthu. Kunyamula anthu kubwere potsiriza.

Mphunzitsi naye adekhe. Kukalipira wophunzira pamaso pa anthu kumamcititsa mantha, ndipo dzanja la mantha limapotokola cigwiriro ndi kuonjezera moto. Mau ocepa onenedwa pa nthawi yace, monga "cepetsa", "pakati" ndi "bwerera", amathandiza kuposa phokoso. Kwa asodzi a pa Kafue ndi madzi ena ambiri, nyengo imene Boma limaletsa kupha nsomba, kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, ndiyo nthawi yabwino yokonza injini, kusintha zingwe zofumbwa ndi kuphunzitsa anyamata m'matamanda odekha, kutali ndi mkokomo wa madzi a dzinja.

Lamulo la dziko la Inland Waters Shipping Act, Mutu 466 wa malamulo a Zambia, ndilo liyang'anira mabwato a m'mitsinje ndi m'nyanja, ndipo nthambi ya Boma yoona za maulendo a pamadzi ndiyo imalemba ndi kupima mabwato. Munthu amene afuna kunyamula anthu kapena katundu wa malonda afunse ku ofesi ya nthambiyo kapena kwa apolisi a pamadzi za mapepala ofunika kwa bwato ndi kwa woyendetsa, asanayambe nchito.

Makolo amene mwana wao wacoka ku Chunga kapena kumudzi kukagwira nchito ya bwato acita bwino kumfunsa mafunso atatu pamene alankhula naye: ngati adziwa kusambira, ngati ali ndi jekete yoyandamitsa, ndiponso ngati pali munthu wamkulu amene wamphunzitsa kukoceza. Mabanja amene asonkha ndalama kugula injini asaipereke kwa mnyamata cifukwa cakuti adziwa kuyendetsa galimoto kapena njinga ya moto. Ayambe amuona ali kufikitsa bwato pagombe tsiku la mphepo. Akafika pang'ono-pang'ono, mutu utaloza kumene madzi acokera, okwera ali cikhalire ndipo cingwe cili cokonzeka, ameneyo angapatsidwe injini ndi anthu.

Sabata ya mawa danga lino lidzalongosola za kasamalidwe ka injini ya bwato, ndi zimene woyendetsa angacite pamene injini yazima pakati pa madzi.